Madontho oyera pansi pa chivindikiro

Pluak Daeng, Rayong
19 Meyi

Amayi anga okondedwa,

Ndiyambe ndi bondo lanu. Likuti bwanji masiku ano? Achimwene anandiuza kuti mwayambanso kukwera makwerero a nkhokwe ya mpunga ngati mtsikana, pomwe adokotala anakuletsani. Ndikudziwa kuti simundimvera, koma ndanena. Nanga mvula yoyamba yagwa? Kuno inayamba sabata yatha. Ine ndili bwino, ndikudya, ndipo yunifolomu yayamba kundithina.

Mudabwa kulandira kalata m'malo mwa foni. Chifukwa chake mukuchidziwa. Ndikaimba mumakweza mawu a foni, ndiye azakhali ndi anzawo onse okhala pamthunzi wa pansi pa nyumba yathu ya pamizati amamvera nawo, mpaka kumayankha mafunso amene ndafunsa inu. Nkhani iyi ndikufuna muyambe mwaimva nokha. Valani magalasi aja muwerenge pang'onopang'ono.

Munakhumudwa kuti sindinabwere pa Songkran, ndipo simunalakwitse. Chibadwire, aka kanali koyamba chaka chatsopano kudutsa ine osakuthirani madzi m'manja. Ndinakuuzani kuti ntchito yachuluka. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Masiku amenewo ndinali nditatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito.

Kuti mumve bwino, ndifotokozenso chimene ndimapanga, poti azakhali akuuzabe anthu kuti ndimapanga matayala. Chinthu chathu chimaikidwa mu ekizozi ya galimoto ya dizilo. Ndi chibuma cha dongo lowotcha, chokhala ndi timabowo tambirimbiri ngati zisa za njuchi, n'chifukwa chake timangochitcha chisa. Ine ndimasakaniza phala limene timapaka m'kati mwa timabowoto. M'phalamo muli fumbi la pulatinamu, chitsulo chodula kwambiri. Utsi ukamadutsa pamenepo poizoni wake amapsa, ndipo kumbuyo kumatuluka mpweya wosatsokomoletsa anthu. Kupaka si nkhani ayi, aliyense angapake. Nkhani ndi yakuti phalalo likakamire zaka khumi osayoyoka, galimoto ikutentha ndi kugwedezeka m'maenje a msewu ngati wathu wa ku Phon Thong.

Chaka chino kampani ina yopanga mapikapu inafuna chisa cholimba kuposa zonse zimene tinapangapo, ndipo inatipatsa mwayi woyesa katatu basi. Abwana anagula thanki yaing'ono yatsopano yoyeseramo, n'kusankha ine kuti ndizisakaniza phala ndi kusaina pepala lake. Ine, Amayi, wa kasetifiketi ka sukulu ya ntchito zamanja, pakati pa anthu a madigiri! Amene ananditchula dzina kwa abwanawo ndi amalume Khamphan, aja a mudzi wa kutsidya, mnzawo wa malemu bambo, omwe anadzandichingamira pa depoti zaka zisanu ndi zinayi zapitazo nditanyamula kachikwama ndi botolo la nsomba zovunditsa. Ndiwo anali kapitawo wa shifiti yathu. Anauza abwana kuti mwanayu pakamwa pake ndi poyabwa, koma dzanja lake silinama pa sikelo.

Kuyesa kwake kuli chonchi. Chisa chikapakidwa n'kuuma, amachiika m'ng'anjo ya madigiri 800 masiku awiri akuchipemerera nthunzi. Akuti kumeneko n'chimodzimodzi kuyenda zaka khumi pamsewu. Akachitulutsa amachigwedeza m'madzi, n'kuchiika pa sikelo kuti aone phala limene lagwa. Chikapambana pamenepo ndiye amakachimangirira ku injini n'kuyeza utsi.

Ulendo woyamba sitinafike n'komwe ku injini. Phala linangoyoyoka ngati laimu wa pakhoma lakale.

Injiniya wathu ndi mtsikana wa ku Bangkok, dzina lake Sirinya, wolankhula motsitsa koma maso ake salumpha kanthu. Anayeza madzi, ufa, sikelo, zonse zinali bwino. Anapeza chinthu chimodzi chokha. Phala lathu liyenera kukhala ndi asidi pa mlingo wake, ndipo poyamba mlingowo unkakhala wolondola, koma likatakasidwa ola limodzi asidi ankachepa, phala n'kukhuthala. Anandifunsa mwaulemu ngati ndinatsukadi thanki, ngati ndinayezadi asidi. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Ulendo wachiwiri unagwera sabata ya Songkran. Anzanga onse akulimbirana mabasi, ine ndinatsala. Thanki ndinaitsuka katatu ndi manja angawa, chilichonse ndinayeza kawiri. Zotsatira zake zinaipa kuposa poyamba.

A Wirote, manijala wathu, anandiitana ku ofesi. Sanakalipe. Anandipatsa madzi ozizira akumwetulira, ndipo inu mukudziwa tanthauzo la bwana akayamba kumwetulira chotero. Anati eni mapikapu akufuna chifukwa cholembedwa, osati kungoti pepani, ndipo pa mapepala onse awiri dzina lilipo ndi limodzi lokha. Anati ulendo wachitatu ukalephera, kapena chifukwa chikapanda kupezeka, ine ndi kampani tidzayenera kusiyana mwamtendere.

Ndinakalira m'chimbudzi, sindibisa. Kenako ndinapsa mtima, mukundidziwa. Achemwali Pranom, amene amalongedza makatoni, anandipeza ndikumenyetsa zitseko n'kundifunsa ngati zitsekozo nazonso zili ndi digiri. Anati mwina ndinayambana ndi mzimu wa pamalo, ndikagule soda wofiira ndikaike pa kanyumba kake ka pageti. Ndinawayankha kuti ine ndine munthu wa sayansi. Madzulo ake ndinagula mabotolo awiri, ndi timapaipi take tomwe. Musaseke.

Tsiku loti mawa lake tisakaniza kachitatu, ndinalawirira shifiti isanayambe. Chivindikiro cha thanki ija n'cholemera, ndipo nthawi zonse ankatsegula ndi kutseka ndi amalume. Ankati ndisadzithyole msana ndisanapeze mwamuna, poti ndi pakamwa pangapa kupeza mwamuna n'kovuta kale. Tsikulo ndinachikweza ndekha, n'kulowetsa mutu m'thanki kuti ndione ngati mwatsalira kanthu.

Munali moyera. Koma ndinamva fungo, Amayi. Fungo la madzi onunkhira aja timathira akuluakulu m'manja. Ndinaganiza kuti mutu wayamba kuzungulira chifukwa chosowa kwathu. Kenako ndinatembenuka n'kuyang'ana m'mwamba, pansi pa chivindikiro. Panali madontho oyera asanu ndi anayi, ondandalikidwa bwinobwino kusongokera m'mwamba, lililonse lonenepa ngati chala chachikulu, ndipo anali asanaume. Phala lathu nalo likathovukira pachivindikiro limauma moyererako, n'chifukwa chake palibe anazindikira poyang'anira patali.

Ndi madontho omwe aja amonke, ansembe a ku kachisi kwathu, anaika pachitseko pomwe tinkalowa nyumba yatsopano, a choko chosungunula m'madzi onunkhira. Dzanja lake ndinalidziwa nthawi yomweyo. Amalume anakhalapo mmonke zaka zitatu ali mnyamata, ndipo kuno aliyense akagula njinga yamoto amapita nayo kwa iwo.

Ndinapala pang'ono ndi chikhadabo n'kuponya m'kapu ya phala lotsala. Linachita thovu, kenako linayamba kukhuthala ndikuona. Choko chimapha asidi. Makina akamatakasa, phala linkathovukira pachivindikiro n'kumatsuka madonthowo pang'onopang'ono. M'thanki yaikulu mwina sizikanadziwika, koma iyi ndi yaing'ono.

Ndinakhala pansi pomwepo. Poyamba ndinasangalala, chifukwa dzanja langa silinalakwe. Chisangalalocho sichinathe mphindi. Ndikangopukuta n'kukhala chete, chisa chipambana, koma pepala la chifukwa lidzati Lamyai sanatsuke thanki kawiri konse, ndipo munthu wotero samusunga pa pulatinamu. Ndikanena, ndiye kuti ndachititsa manyazi munthu amene anandipatsa ntchito, atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume. Madontho ndinawasiya momwemo, n'kutseka.

Masana ndinaitanira amalume kwa mayi wosinja papaya kuseri kwa geti, ndinati lero ndigula ndine. Anati ndiye kuti mvula igwa ya matalala. Tinakhala, mpunga womata unabwera, ine n'kumangoukanda m'manja osadya. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndili ndi mimba. Ndipamene ndinawauza kuti ndatsegula chivindikiro.

Anakwiya, Amayi, sindinawaonepo chotero. Anati ndani anandituma kugwira zinthu zopatulika ndi manja onunkha nsomba. Anati mwana wadzulodzulo, amene ndinafika kuno osadziwa kuyatsa fani, lero ndayamba kuphunzitsa akulu. Anati madalitso sanaphepo munthu. Ine ndinaluma lilime, chinthu chimene mukudziwa kuti sindinachizolowere. Ndinatulutsa kabotolo ka phala kamene ndinabisa m'thumba, ndinathira m'kapu, n'kuwapempha kuti aponyemo okha choko chawo. Anali nacho m'thumba la malaya.

Anaponyamo. Anayang'ana thovu lija mpaka linatha. Anatenga kamtengo n'kutakasa, kamtengo kanaima kokha.

Atayamba kulankhula, mawu anali atatsika. Anati thanki itabwera kampani sinaitane amonke, poti akuti ndi yaing'ono, ndipo iwo mtima sunawalole kuti mwana wa mnzawo ayambe ntchito yaikulu pa chitsulo chosadalitsidwa. Anaika madontho kunja, koma oyendera ukhondo anapukuta n'kuwadzudzula. Ndiye anaganiza zoika m'kati, momwe oyendera sasuzumira. Ulendo woyamba utalephera anaona ngati madalitso achepa, ndiye anaonjeza choko. Wachiwiri utalephera anaonjezanso. Ndinafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Mawu awo awa ndiwalembe monga anawanenera: "Amene ndinakutchula dzina ndine, Lamyai. Ndimangofuna thankiyo ikukonde."

Ndinawauza kuti tingopukuta, ine ndikauza injiniya kuti ndapeza sopo wotsalira. Anandifunsa kuti nanga pepala lidzatchula ndani. Ndinati lidzatchula ine, mwina adzangondichenjeza. Anati ndisawanamize, a Wirote amawadziwa kuyambira ali kalaliki. Sanadye. Anangokankhira mbale kwa ine n'kunena kuti ndimalize, papaya salakwa kanthu. Tinabwerera ku ntchito, ine osadziwa chimene aganiza.

M'mawa mwake tinafola pa msonkhano wa tsiku ndi tsiku, anthu makumi anayi, abwana kutsogolo. Titamaliza kudziwongola ndi kukuwa mawu a chitetezo aja, a Wirote anafunsa ngati pali wina ali ndi mawu, monga amafunsira masiku onse popanda woyankha. Amalume anatuluka pamzere. Anavula chipewa, anaika kathumba ka choko patebulo, n'kuphatikiza manja pamphumi kwa abwana amene ndi ana kwa iwo. Ananena zonse, kuyambira madontho a kunja mpaka kapu ya dzulo lake. Anati mwanayu sanalakwe ngakhale kamodzi, ndipo ndiye wapeza vuto ndi mphuno yake pomwe makina onse a mu labu analephera. Anati chivindikiro sanachipukute, aliyense akhoza kukaona.

Kenako achemwali Pranom analephera kudzigwira, anatulutsa kaphokoso m'mphuno. A Sirinya anagwira kumaso ndi manja onse awiri, ine n'kumaganiza kuti akulira chifukwa cha masabata atatu amene anataya. Atachotsa manja anati nawonso galimoto yawo ili ndi madontho omwewo padenga, anawaikira amonke a ku kachisi wa kwawo, koma sanaganizepo zowaika mu oyilo. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Amalume sanaseke, a Wirote nawo sanaseke.

Tinachedwetsa tsiku limodzi kuti titsuke. Ulendo uno amalume sanaloledwe kulowa m'chipindamo, anaima pazenera lagalasi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinasakaniza, a Sirinya akuyeza asidi mphindi khumi zilizonse. Mlingo sunasunthe. Phala linalowa m'timabowo mosalala, moti mtima wanga unadziwa ng'anjo isanayatsidwe n'komwe.

Komabe masiku awiri a ng'anjo aja anali aatali. Ndinkatafuna mpunga osaumva kukoma. Chisa chitatuluka, chitagwedezedwa m'madzi, a Sirinya anachiika pa sikelo, n'kuchichotsa, n'kuchiikanso. Anaitanitsa sikelo ina poganiza kuti yoyambayo yafa. Phala limene linagwa linali losakwana n'kutsina komwe. Ku injini nako utsi unatsika kupitirira pamene eni mapikapu anapempha. Anthu awo anabwera atatu ndi majekete awo, anayeza okha, ndipo sabata yatha asaina.

Amayi, ndikunyada, ndipo sindipepesa. Kuyambira Ogasiti, pikapu yatsopano ya kampani imeneyo ikamadutsa pa msika wa ku Phon Thong, anthu ogulitsa nkhuku zowotcha m'mbali mwa msewu osagwira pamphuno, mudziwe kuti m'mimba mwake muli phala la mwana wanu. Ndipo lidzakhalamo mpaka ana a achimwene adzamalize sukulu. A Sirinya analemba dzina langa mu lipoti lopita kwa eni mapikapu, lonse lathunthu, ndi la bambo lomwe. Anandionetsa tsambalo, ndipo ngakhale lili m'Chingerezi dzina langa ndinaliwerenga kasanu.

Koma nkhani sinathere pokoma pokha. Amalume analandira kalata ya chenjezo, anawachotsa pa ukapitawo n'kuwatumiza kosungira katundu, kumene akuwerenga makatoni ndi kuyendetsa kagalimoto konyamulira. Sanawachotse ntchito chifukwa a Sirinya anaumirira kuti munthu wodziulula yekha ukamuthamangitsa, mawa palibe adzaulule kanthu. Ndipo pa mpando wawo aikapo ine.

Ndinapita kwa a Wirote kukakana. Sindikudziwa anawauza ndani, koma potuluka ndinapeza amalume akundidikira pakhonde. Anandikalipira pamaso pa alonda. Anati iwo sanadzivule ulemu pagulu kuti mpandowo ukatengedwe ndi munthu wa shifiti ya usiku wosadziwa kugwira sikelo. Anati ndikakana adzakuimbirani inu. Ndinabwerera mu ofesi n'kuvomera.

Tsopano m'mawa uliwonse akandiona amaima njo, n'kukuwa kuti abwana afika, aliyense abise choko. Anthu amaseka, iwonso amaseka. Ine ndimaseka nawo koma zimandipweteka, chifukwa ndimaona mmene amayang'anira chitseko cha chipinda chathu akamadutsa ndi makatoni. Zaka makumi awiri ndi zitatu anagwira mmenemo. Madontho tsopano ali pa felemu ya chitsekocho, kunja, ndi chilolezo cholembedwa, ndipo anaika ndi amonke enieni amene kampani inaitana mochedwa.

Pempho langa ndi limodzi. Lole yoyamba ya zisa zatsopano idzanyamuka kumapeto kwa Julaye, ndipo kudzakhala mwambo pabwalo la fakitale, abwana onse ndi alendo alipo. Andiuza kuti ndidzalankhule. Ine zolankhula ndilibe. Ndikufuna mundiwombere nsalu ya phakhaoma, ija timamanga m'chiuno mwa munthu amene tikumulemekeza. Ya pamsika ayi, ndikanagula konkuno. Ndikufuna ya thonje lanu, yotuluka pa chowombera chanu, yofiira ndi yakuda monga ankakondera amuna a msinkhu wa bambo. Ikhale yaitali, chifukwa chiuno cha amalume mukuchidziwa. Musathamange nayo mpaka kupweteka bondo, masabata alipo okwanira, ndipo achimwene akhoza kuipatsira dalaivala wa basi ya Lachisanu.

Amalume sakudziwa, ndipo musawauze akazi awo mukakumana ku kachisi. Akadzanditchula dzina kuti ndipite kutsogolo, ndidzaitana amalume kuchokera kumzere wa kumbuyo kumene amaima masiku ano. Ndidzagwada ndi yunifolomu yanga ya ukapitawo, ndidzawamanga nsaluyo, anthu onse amene anaseka tsiku lija akuona.

Nkhaniyi idzafika kumudzi ndithu, poti anyamata a kwathu ogwira kuno abwera ku mwambo woulutsa makombola opempha mvula mwezi uno, ndipo akamwa sasunga kanthu. Adzakamba za choko, ndipo anthu adzaseka, n'zoseketsadi. Koma sadzakamba kuti munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu akanatha kungokhala chete pamzere, ine n'kukwera basi yobwerera kwanu ndi kachikwama kanga. Mbali imeneyo tsopano mukuidziwa inu.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, muwauze kuti mbewu ya mpunga asachedwe nayo ngati chaka chatha. Moni kwa ana awo onse awiri, kwa azakhali ndi gulu lawo la pansi pa nyumba, kwa atsibweni a kumunda, ndi kwa akazi a amalume, amene muwapatse moni wokhawokha. Mukapita ku kachisi tsiku lopatulika, mukathire madzi m'dzina la bambo, muwauze kuti mnzawo uja sanawachititse manyazi.

Ndikuphatikiza manja pa mapazi anu kuchokera kuno. Madzi a chaka chatsopano amene sindinakuthireni ndidzabwera nawo ndekha lole ikangonyamuka.

Ndine mwana wanu wa pakamwa poyabwa,
Lamyai